Msikidzi kapena flamboyant: mtengo wa mthunzi woyenera pabwalo panu kuno ku Lusaka, ndi kabzalidwe kake

Chaka chilichonse Okutobala akafika, malata akayamba kulira thethethe masana, anthu amandiimitsa pageti. "Amdala, mtengo umene umakula msanga ndi uti? Tapsa ife." Ena amandifunsira kutchalitchi, ena pamaliro penipeni, ndipo alamu anga a ku Chalala andifunsa kanayi konse ngati kuti yankho lisintha. Ndiye ndangoti ndilembe kamodzi, wofunsa ndizimulozera pano.

Kufunsa kuti "uti umakula msanga" ndi kumene kwagwetsa mipanda yambiri mu Lusaka muno. Muyenera kudzifunsa kaye kuti mthunziwo mukuufuna mwezi uti, malo muli nawo aakulu bwanji, ndipo pansi pa poloti yanu pali dothi kapena thanthwe. Ndikamba za mitengo iwiri imene anthu amandifunsa kawirikawiri ndipo yonse ndinaibzalapo ndi manja anga: flamboyant ndi msikidzi.

Flamboyant mumaudziwa ngakhale dzina mutaliiwala. Ndi uja umafiira psuu chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala m'misewu yakale ya kumayadi, wa nyemba zazitali ngati chikwanje zimene ana amagwedeza ngati maseche. Kwawo ndi ku Madagascar, akatswiri amautcha Delonix regia. Kuno ndi wobwera, monganso jacaranda wa maluwa a pepo uja. Msikidzi ndi wathu. Umamera wokha m'mbali mwa mitsinje monga Luangwa ndi Zambezi, ena kuno amautcha musikili, pa Chingerezi ndi Natal mahogany, m'mabuku ndi Trichilia emetica. Maluwa ake ndi aang'ono, obiriwira motuwirako, osaoneka patali koma onunkhira madzulo. Njere zake n'zakuda zovala kachikopa kofiira, zimakuyang'anani ngati maso.

1. Sankhani poganizira mwezi wa Seputembala ndi Okutobala

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Flamboyant amayoyola masamba nyengo yozizira ikalowa ndipo amakhala mbulanda miyezi ingapo. Dzuwa likayamba kuswa mtengo mu Seputembala, inu mukufuna pobisala, iye ali nthambi zokhazokha. Masamba atsopano amabwera pamodzi ndi maluwa mvula ili pafupi. Ndiye mthunzi wake wabwino ndi wa m'dzinja, pamene mitambo ikukuphimbani kale. Msikidzi sachita zimenezo. Umakhala wobiriwira bii chaka chonse, masamba ake ndi othithikana, ndipo mthunzi wake ndi wozizira ngati m'nyumba ya udzu.

Flamboyant amaposa pa zinthu ziwiri: liwiro ndi kukongola. Pakatha zaka 3 kapena 4 mukhoza kuika mpando pansi pake, ndipo maluwa amayamba pafupifupi chaka chachinayi kapena chachisanu. Msikidzi umadekha, makamaka zaka ziwiri zoyamba. Ukasamalidwa bwino umatha kukwera pafupifupi mita imodzi pa chaka, koma mthunzi wokhalamo banja muudikire zaka 6 kapena kuposerapo.

Ine maganizo anga sindibisa. Ngati muli ndi malo a mtengo umodzi wokha, bzalani msikidzi. Flamboyant ndi wa pasukulu, patchalitchi, pafamu, kapena poloti yaikulu ya ku Makeni kumene angatambasule manja osakhudza wina. Ndipo musaiwale kuti walira mvula walira matope: timasamba take ting'onoting'ono timadzaza ngalande za padenga, nyemba zimagwera pagalimoto, ndipo pansi pake kapinga samera bwino. Msikidzi nawonso pansi pake ndiwo zamasamba sizichita, chifukwa cha mdima. Dimba likhale mbali ina.

2. Yezani malo ndi tepi, osati ndi maso

Flamboyant satalika kwambiri, nthawi zambiri mamita 10 mpaka 12, koma m'lifupi amatha kuposa kutalika kwake, ngati ambulera. Mizu yake imayenda pamwamba, imatukula simenti, imalowa pansi pa maziko. Msiyireni mamita 8 mpaka 10 kuchokera panyumba, pampanda, pa sepitiki thanki ndi pa sokawe, dzenje lija lomwera madzi oipa. Msikidzi mizu yake imalowa pansi ndipo siivuta choncho, komabe ndi mtengo wotha kufika mamita 20, ndiye mamita 5 kapena 6 kuchokera pakhoma ndi ulemu wake. Yang'ananinso kumwamba. Pansi pa nthambo za magetsi musabzalepo uliwonse, chifukwa tsiku lina adzaudula mutu n'kukusiyirani chitsa chachitali.

Izi ndinaphunzira movutikira. Pamene ndinkakhala ku Chilenje ndinabzala flamboyant masitepe atatu kuchokera pampanda wa mabuloko wa pakati pa ine ndi aneba. Zaka zoyamba aneba omwewo ankayamikira maluwa. Tsiku lina m'mawa anagogoda, anandipatsa moni bwinobwino, nati, "Achimwene, tabwerani mudzaone mwana wanu zimene wachita." Mng'alu unali utayenda kuchokera pansi mpaka pamwamba, wolowa chala. Ndinalipira womanga, ndinalipiranso wodula mtengo, ndipo chitsa chinkaphukirabe ngati chikundiseka.

Mbali yabwino ndi ya kumadzulo kwa nyumba, kumene dzuwa la masana limawotcha khoma la kuchipinda. Ngati muli pa lendi, funsani kaye eni nyumba.

3. Pezani njere kapena mbande, koma samalani ndi mayina

Ogulitsa mbande ali mbwee m'mbali mwa misewu ngati Leopards Hill ndi Great East, ndiponso a Dipatimenti ya Zankhalango amakhala ndi nazale zawo. Vuto ndi loti mitengo ikakhala yaing'ono imafanana, ndipo wogulitsa wina amangovomera dzina lililonse limene mwatchula.

Mukanena kuti "mahogany", akhoza kukupatsani mbawa. Mbawa ndi mtengo wabwino wa matabwa koma ndi chimphona, si wa pabwalo la poloti ya mamita 20 kwa 30. Gwirani tsamba lathunthu. La msikidzi lili ndi timasamba tiwiritiwiri ndipo kunsonga kuli kamodzi kokha kotsekera, kunsi kwake kuli ubweya wofewa. La mbawa limathera pa tiwiri, ndipo n'losalala. Flamboyant naye amasokonezedwa ndi jacaranda. Masamba a jacaranda amatuluka awiriawiri moyang'anizana pathunthu ndipo timasamba take n'tosongoka. A flamboyant amatuluka mosinthana, lina uku lina uko, timasamba take n'tobulungira kunsonga.

Musathamangire mbande yaitali. Ya masentimita 30 mpaka 50 imagwira bwino kuposa yofika m'chiuno imene yakhalitsa m'chubu. Chubu ndi kapepala kakuda kapulasitiki kaja kofeseramo. Kanyamuleni, muone kunsi. Ngati mizu yaboola n'kulowa m'nthaka ndipo wogulitsa akuidula pamaso panu, kapena yazungulira m'kati ngati nkhata, isiyeni.

4. Ngati mukufesa nokha

Njere za mitengo iwiriyi zili ndi khalidwe losiyana kotheratu, ndipo anthu ambiri amalephera chifukwa amazitenga mofanana.

Ya flamboyant ndi youma gwa, imasungika chaka ndi chaka m'botolo. Mukaifesa chomwecho ikhoza kukhala miyezi osamera. Ipaleni pang'ono m'mbali ndi fayilo kapena pasimenti yokhakhala mpaka muone koyera, kapena wiritsani madzi, muwaphule, muthiremo njere, zigone momwemo mpaka mawa. Zotupa ndi zimene zakonzeka. Fesani mu Ogasiti kapena Seputembala, zimamera pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pofika Disembala mbande zakwana kuwokera.

Ya msikidzi siisungika. Ikauma yafa, basi. Anthu amatola njere, amaziyanika padenga ngati chimanga, n'kudzafesa patapita miyezi, kenako amati msikidzi sumera. Zipatso zimapsa n'kusweka m'dzinja, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi. Tolani zongosweka kumene, ziviikeni m'madzi, mufikise ndi zala kuti kachikopa kofiira kachoke, n'kufesa tsiku lomwelo kapena mawa lake, mozama ngati mfundo imodzi ya chala. Zimamera pakati pa masiku 10 ndi 20. Sambani m'manja mukamaliza ndipo ana asazitafune, chifukwa khoko la njereyi lili ndi poizoni, ngakhale kuti m'kati mwake ndi mmene anthu a ku Mozambique amayengamo mafuta opangira sopo. Dziwaninso kuti msikidzi uli ndi waumuna ndi waukazi, ndiye mukaona wina sukubala musati walodzedwa.

Popeza njere zake zimapsa m'dzinja ndipo sizisungika, mbande ya msikidzi yofesa mu Febuluwale simuibzala dzinja lomwelo. Muilere pamthunzi wapang'ono, muidutsitse nyengo yozizira pamalo osawomba mphepo, mudzaibzale Disembala wotsatira.

5. Dzenje

Malangizo ambiri amangoti "kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse" n'kupitirira. Amene analemba zimenezo sanakumbepo ku Chalala. Gawo lalikulu la Lusaka, makamaka kummwera ndi kumadzulo, lakhala pa mwala wa laimu, uja amayi amaphwanya m'mbali mwa msewu ndiponso umene umapangidwa simenti ku Chilanga. Pena dothi ndi lakuya, masitepe awiri okha patsogolo piki ikulira ngwee pathanthwe. Ndiye musanasankhe malo enieni, tengani mgwala, chitsulo chachitali chokumbira chija, mubaye malo angapo mozungulira pamene mukufuna. Pamene walowa mosavuta, mtengo upite pamenepo, ngakhale patasuntha mita imodzi kuchokera pamene mayi a kunyumba analoza.

Kumbani mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe. Dzenje likhale la makona anayi, masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya. Dothi lakuda la pamwamba liunjikeni mbali ina, la pansi mbali ina. Pa poloti yomangidwa kumene mudzapeza zidutswa za mabuloko, matumba a simenti ndi mawaya amene omanga anakwirira. Zonsezo zichoke. M'mbali mwa dzenje mukasalala ngati mwazira, makamaka pa katondo, dothi lofiira lomata lija, temanitemani ndi khasu kuti mizu idzapeze polowera.

Tsopano chinthu chimene pafupifupi aliyense amadumpha. Thirani madzi m'dzenjemo, zigubu ziwiri za malita 20, ndipo mupite mukagone. Mawa nthawi yomweyo bwerani mudzaone. Ngati madzi aphwa, dzenje lili bwino. Ngati akadali chikhalire, simunakumbe dzenje, mwaumba mphika, ndipo mu Januwale mizu idzaphikira momwemo mpaka kuola. Mtengo wotero umayamba kuchita chikasu mvula ili pachimake, mwini wake n'kumathira feteleza poganiza kuti ndi njala.

Mukapeza mphika muli ndi njira zitatu. Yoyamba, sesani pansi pa dzenje mufufuze mng'alu. Mwala wa laimu umakhala ndi ming'alu yodzaza dothi, ndipo mukaupeza umodzi n'kuukulitsa ndi mgwala, madzi adzatsikira momwemo ndipo muzu udzawatsatira. Yachiwiri, kwirirani musamukire pena. Zimawawa kutaya thukuta la tsiku lonse, koma n'zotsika mtengo kuposa kutaya zaka zitatu. Yachitatu ndi ya inu a ku Kanyama, Chawama, John Laing ndi malo ena kumene madzi a pansi ali pafupi ndipo bwalo limasanduka dziwe m'dzinja: musabzale m'dzenje, bzalani pa mtumbira. Gaulani pansi, muunjike dothi labwino lokwera masentimita 40 kapena 50, lotambalala mamita awiri, mutchinge m'mbali ndi miyala, mbande ikhale pamwamba. M'malo otere msikidzi umapirira bwino popeza ndi wa kumtsinje. Flamboyant sagwirizana ndi madzi oima, ndipo pathanthwe losaya mizu yake imangoyenderatu pamwamba, mphepo yamkuntho n'kudzamugwetsa.

Pokwirira, sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owolerana. Ndati owolerana: akuda, ozizira mukalowetsa dzanja, osanunkha khola. Zitosi za nkhuku zongochokera m'khola zimawotcha mizu, ndipo manyowa odzaza mapesi ndi utuchi wosawola amaitana chiswe. Onjezani fosholo imodzi ya phulusa la nkhuni. Dzazani dzenje mpaka litumphuke pang'ono, musiye mvula ziwiri zitatu zilitsendere.

6. Kubzala

Dikirani mvula ikhazikike. Mvula yoyamba ya mu Novembala imanyenga, imagwa kamodzi n'kusowa milungu iwiri. Si mwangozi kuti nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala. Bzalani madzulo kapena tsiku la mitambo. Ng'ambani chubu ndi lezala, musachikoke, ndipo musachisiye m'nthaka. Dothi la m'chubu lisaphwanyike. Mbande ikhale pa msinkhu womwe inali m'chubu, osaikwirira khosi. Pondani mozungulira, pangani kabeseni kosunga madzi, thirani chigubu chimodzi ngakhale kunja kukuoneka kuti kugwa mvula.

7. Chilimwe choyamba

Mitengo yambiri yobzala mu Disembala imafa mu Okutobala. Lusaka imalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, koma yonseyo imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, kenako miyezi pafupifupi 7 kuli gwa. Ndipo tinaona dzinja la 2023 mpaka 2024, pamene mvula inadula pakati mpaka boma linalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Chaka chimenecho mbande zinkafunika kuthirira ngakhale mu Febuluwale. Ndiye musabzale mitengo khumi ngati madzi amene mungakwanitse kusenza ndi a mitengo iwiri.

Thirirani mokwanira koma patalipatali. Chigubu cha malita 20 kamodzi pa sabata kuyambira Meyi mpaka Julayi, kawiri pa sabata kuyambira Ogasiti mpaka mvula itabwera. Kuwaza kapu imodzi tsiku lililonse kumangonyowetsa pamwamba, mizu n'kuzolowera kukhala pamwamba pomwepo. Ngati madzi ndi ogula, boolani timabowo kunsi kwa botolo la malita 5, mulikwirire pambali pa mtengo kukamwa kuli kunja, muzithira m'menemo. Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira amathandiza, koma amene muli mankhwala oyeretsera zovala kapena mchere wambiri atayeni kwina.

Phimbirani pansi ndi udzu wouma kapena masamba, koma musiye mpata wokwana chikhatho pakati pa udzuwo ndi thunthu. Udzu ukakhudza thunthu mwamangira chiswe mlatho. Chiswe chimakonda mtengo wofooka ndi ludzu, choncho mankhwala oyamba ndi madzi. Sabata iliyonse gwadani muone pakhosi pa mtengo. Mukaona timizere ta dothi tikukwera, tichotseni ndi chala, muwaze phulusa mozungulira. Chikakanika, pitani kusitolo ya zaulimi mukafotokoze, ndipo mutsatire zolembedwa pabotolo, osati muyeso wa aneba.

Mu Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo m'malo otsika a kudambo chisanu chimatha kuwaula nsonga. Mitengo yonse iwiri ikakhala yaing'ono imachiopa. Zikani timitengo tinayi, mukulunge thumba m'mbali, pamwamba pakhale potseguka. Chotchinga chomwecho chimaletsa mbuzi, agalu okumba, ndi mpira wa ana a pamsewu. Uzaninso wotchetcha kapinga kuti asayandikize chikwakwa kapena makina ake, chifukwa khungwa likasendeka kuzungulira thunthu mtengo watha. Zinyalala musawotchere pafupi.

Chenjezo la eni flamboyant: akayoyola masamba mu Julayi sanafe. Alamu anga aja anazula wawo n'kubwera naye kwathu m'manja kuti ndione mmene chiswe chawalakwira. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, m'kati muli biriwiri. Anangoti kakasi. Musanazule, kandani kaye. Koma msikidzi ukayoyola masamba onse, pamenepo pali vuto, fufuzani madzi ndi chiswe tsiku lomwelo.

8. Kuwongola ndi kudulira

Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo kwa flamboyant mawuwa ndi enieni. Amakonda kupendekeka ndi kugawika nthambi ali m'munsi. Mphepo ya mu Ogasiti isanayambe, zikani mtengo wochirikiza kunja kwa mizu, mumange ndi chidutswa cha chitenje kapena mphira wa tayala momasuka, osati waya. Siyani thunthu limodzi, muzichotsa nthambi za m'munsi pang'onopang'ono mpaka pofika mamita awiri ndi theka, kuti munthu adzadutse pansi osawerama. Dulani ndi sowo kapena chodulira chakuthwa pafupi ndi thunthu, osatema ndi chikwanje n'kusiya chibanthu chong'ambika, poti nthambi za flamboyant n'zofewa ndipo bala lotero limaola.

Msikidzi umadziwongola wokha. Musauvule nthambi za m'munsi msanga, zimathandiza thunthu kunenepa. Yambani chaka chachitatu, imodzi kapena ziwiri pa chaka. Chochirikiza chichoke mtengo ukatha kuima wokha, nthawi zambiri pakatha chaka, apo ayi chingwe chimadya khungwa. Kuyambira chilimwe chachitatu kuthirira kumachepa, kamodzi pa milungu iwiri mu Seputembala ndi Okutobala kumakwana.

Inu amene mumandipempha njere za msikidzi, bwerani mu Januwale kapena Febuluwale mutanyamula kachitini ka madzi ndipo machubu mutadzaziratu kunyumba. Mukabwera mu Juni ndidzangokupatsani mpando pamthunzi ndi kapu ya tiyi.